Mkuwa, Chitsulo ndi Maginito: Za Kuzenga Koyilo ya Jenereta Yapakhomo

(NYIMBO YOTSEGULIRA, IZILALA PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Yakwana nthawi ya maphunziro a sayansi ndi luso la manja, ndipo lero tikamba za jenereta yodzipangira tokha pakhomo, makamaka za zinthu ziwiri zimene mmisiri ayenera kusankha mwanzeru asanayambe ntchito, ndizo waya wozengera koyilo ndi mtima wa koyiloyo, chinthu chija chimene wayayo azungulira. Tili ndi aphunzitsi athu a masiku onse. Bambo aphunzitsi, bwalo ndi lanu.

APHUNZITSI: Zikomo achimwene, ndipo zikomo kwa inu nonse omvera. Chiyambire kumveka mbiri ya William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, kufupi ndi Wimbe m'boma la Kasungu, amene m'chaka cha 2002, ali mnyamata wa zaka 14 wolekezera sukulu panjira chifukwa cha njala ndi kusowa kwa fizi, anaimika makina a mphepo pa milongoti ya bulugamu nayatsa babu m'nyumba ya atate wake, anyamata ndi atsikana ambiri a m'dziko muno akhala akutola maginito ndi mawaya m'zotayidwa, nayesa kudzipangira magetsi. Koma ambiri a iwo, atazenga waya mpaka zala kutupa, atapukusa makina mpaka thukuta kamukamu, aona babu likungofiira ngati lifuna kuyaka koma osayaka, ndipo ataya mtima, nati ntchito yotere iyenera anthu a ndalama okha. Ine ndinena kwa inu kuti kawirikawiri cholakwa sichikhala m'manja mwawo kapena m'thumba mwawo, koma m'kusadziwa khalidwe la zitsulo zimene agwiritsa ntchito. Pakuti chitsulo chili ndi ntchito yake, mkuwa ulinso ndi yake, ndipo wopatsa chimodzi ntchito ya chinzake adzakolola kutentha m'malo mwa kuwala.

Kamkwamba sanazenge yekha koyilo ya makina ake oyamba aja. Iye anatenga dayinamo ya njinga, nasiya tayala lalikulu la njingayo kuti lizipukusa kamutu kakang'ono ka dayinamo, kotero kuti mapiko akazungulira mwaulesi, dayinamo inkathamanga kolimba. Mutatsegula dayinamo yotero mudzapezamo zinthu zitatu zokha: maginito ozungulira, waya wa mkuwa wozengedwa kambirimbiri, ndi timapepala ta chitsulo tokumbatira wayayo. Zitatu zomwezi ndizo zili m'makina aakulu a pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira m'mtsinje wa Shire, kusiyana kwake kwakukulu ndi kukula.

Amene anayamba kuzindikira chinsinsi chake ndi Michael Faraday wa ku London, mwana wa wosula zitsulo, amene sanapite patali ndi sukulu koma anaphunzira pomata ndi kusoka mabuku a anthu ena. Pa 29 Ogasiti 1831 iye anatenga mkombero wa chitsulo chofewa, nazengapo mawaya awiri a mkuwa, wina mbali iyi wina mbali inayo, ndipo popeza masiku amenewo kunalibe waya wokutidwa kale, analekanitsa mizere ya wayayo ndi ulusi ndi nsalu. Ataloza magetsi a batire m'waya woyamba, anaona singano ya choyezera chake, chimene analumikiza ku waya wachiwiri, ikugwedezeka kamphindi n'kubwerera. Atadula magetsiwo inagwedezekanso, koma kuloza kwina. Patapita masabata owerengeka anaona zomwezo polowetsa ndi kutulutsa maginito m'koyilo. Apo ndi pamene panadziwika lamulo limene jenereta iliyonse imvera kufikira lero lino, lakuti magetsi sabadwa chifukwa maginito ali pafupi ndi waya, koma chifukwa mphamvu ya maginito yopyola m'kati mwa koyilo ikusintha. Chaka chotsatira, cha 1832, Hippolyte Pixii wa ku Paris anapanga makina opukusa ndi dzanja otsata lamulo lomweli.

Chomwecho mavolti amene koyilo itulutsa adalira zinthu zitatu: kuchuluka kwa mikombero ya waya, kukula kwa mphamvu ya maginito yopyola pakati pake, ndi liwiro limene mphamvuyo isinthira. Mukawirikiza kawiri chimodzi mwa izi, mavolti awirikiza kawiri. Liwiro lichokera ku mphepo, ku madzi kapena ku miyendo yanu, koma ziwiri zotsalazo zili m'manja mwa wozenga koyilo.

WOULUTSA: Tiyambe ndi mtima wa koyilo, bambo aphunzitsi. Achinyamata ambiri amangotenga bawuti wamkulu n'kuzengapo waya. Kodi akulakwa?

APHUNZITSI: Sakulakwa kotheratu, achimwene, pakuti chitsulo ndicho njira yabwino ya mphamvu ya maginito, ndipo chitha kuilola kudutsa mosavuta kuposa mpweya, mtengo kapena pulasitiki mwa mazanamazana, ngakhale zikwi. Koyilo yopanda kanthu pakati ilandira gawo laling'ono la mphamvu ya maginito, yambiri nimwazikira m'mbali. Koma mukaikamo chitsulo, chisonkhanitsa mphamvu yomwazikayo ndi kuipyoletsa m'kati mwa mikombero ya waya, ndipo mavolti akwera pomwepo. Komatu akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo woitana chitsulo m'jenereta yake waitananso mavuto anayi amene ayenera kuwadziwa.

Loyamba ndi lakuti chitsulo, pokhala njira ya maginito, chilinso njira ya magetsi. Lamulo la Faraday silisankha nkhope: monga magetsi abadwa m'waya, momwemonso abadwa m'thupi la bawuti, nazungulira m'menemo osatulukira kulikonse, ndipo ntchito yawo yonse ndi kutenthetsa chitsulo ndi kulemeretsa mkono wa wopukusa. Liwiro likawirikiza kawiri, kuwonongeka kumeneku kuwirikiza pafupifupi kanayi. Mlimi wa pamalo otsetsereka adziwa kuti madzi a mvula akapeza khwalala lalitali asonkhana nakokolola nthaka, ndipo chifukwa chake amanga ngonyeka kuti awadule mphamvu akali ochepa. Mmisiri wa magetsi achita chimodzimodzi, pakuti sagwiritsa chitsulo cha chibulumwa, koma achidula m'timapepala topyapyala, kawirikawiri ta theka la milimita kapena kucheperapo, napaka kalikonse vanishi kuti magetsi asalumphe kuchoka pa kena kupita pa kanzake. Timapepalato tigone motsata njira ya mphamvu ya maginito, osati mopingasa. Mutaphwasula thiransifoma ya wailesi yakale kapena mota ya fani yakufa mudzationa, ndipo n'ta chitsulo chosakaniza ndi silikoni pang'ono, pafupifupi magawo 3 pa 100 aliwonse, luso limene Robert Hadfield wa ku Sheffield analitulukira cha m'ma 1900. Wopeza timapepala totere wapeza mtima wa koyilo woposa wina uliwonse umene angadzipangire.

Lachiwiri ndi lakuti si chitsulo chilichonse chimene chimvera msanga. Chitsulo cholimba, monga cha sipuling'i ya galimoto, tupa kapena bawuti wolimbitsidwa, chikalandira mphamvu ya maginito chiikakamira, ndipo m'jenereta, momwe mphamvuyo itembenuka kambirimbiri pa sekondi imodzi, kukakamira kumeneko kusanduka kutentha. Pano nzeru ya makolo athu osula makasu ndi nkhwangwa, amene ng'anjo zawo zikuonekabe m'madera a Kasungu, ithandiza mmisiri wa lero. Pakuti iwo ankadziwa kuti chitsulo chofiira ndi moto chikavikidwa m'madzi chiuma mtima, koma chikasiyidwa kuzizira pang'onopang'ono chifewa. Chifukwa chake ngati mulibe timapepala ta thiransifoma, tengani waya wachitsulo womangira, mumudule m'tizidutswa tofanana, mutiwotche pa makala kufikira titafiira, mutikwirire m'phulusa lotentha usiku wonse, ndipo m'mawa mutipake vanishi ndi kutimanga kamtolo. Chitsulo chosachita dzimbiri, cha masipuni ndi mapoto ena, muchiyese kaye ndi maginito, pakuti mitundu yake yambiri siikoka konse. Aluminiyamu ndi mkuwa musaziike pakati pa koyilo ngakhale pang'ono, popeza sizisonkhanitsa mphamvu ya maginito, koma zilola magetsi ozungulira aja kuyenda mwaufulu, ndipo zigwira makina anu ngati mabuleki.

Lachitatu ndi lakuti chitsulo chikhuta. Pali malire a mphamvu ya maginito imene chitha kunyamula, ndipo mtima wa koyilo ukakhala wowonda kwambiri pamaso pa maginito amphamvu, yotsalayo ingotayika. Kandodo kakuda ka ferrite kamene mupeza m'wailesi zakale n'kabwino popeza magetsi ozungulira sayendamo, koma kakhuta msanga, kasananyamule ndi theka lomwe la zimene chitsulo chinyamula, ndiponso kasweka kakagwa.

Lachinayi, limene lagwetsa mphwayi omanga makina a mphepo ambiri, ndi lakuti maginito akonda chitsulo, ndipo akafika moyang'anizana ndi mtima wa koyilo akana kuchokapo. Mukapukusa ndi dzanja mumva makina akugwiragwira. Mphepo ya yaziyazi, imene ndiyo iomba masiku ambiri, ilephera kuwadzutsa, ndipo mapiko aima chilili tsiku lonse. Mankhwala ake ndi kusiyanitsa chiwerengero cha maginito ndi cha makoyilo, kuti onse asakumane nthawi imodzi, kapena kuchotseratu chitsulo pakati pa koyilo. Njira yachiwiriyi ndiyo anaitchukitsa Hugh Piggott, wokhala ku Scoraig, dera lakutali la kumpoto chakumadzulo kwa Scotland kumene mawaya a magetsi sanafike. Iye aumba makoyilo 9 opanda chitsulo m'chimbale chopyapyala cha utomoni wotchedwa resin, nachiika pakati pa mbale ziwiri zachitsulo zozungulira, iliyonse yonyamula maginito 12. Dziwani kuti ngakhale pamenepa chitsulo sichinachoke, changosamukira kumbuyo kwa maginito kumene chizungulira nawo pamodzi, ndipo mphamvu yodutsamo siisintha, kotero sichitentha. Koma njira imeneyi ifuna maginito amphamvu a neodymium, amene anatulukira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ku Japan ndi ku America, ndipo ang'onoang'ono ake apezeka m'ma hard disk a makompyuta akufa. Maginito akuda a m'masipika ndi ofooka powayerekeza ndi amenewa, ndipo iwo afuna chithandizo cha chitsulo ndi mpata waung'ono zedi, wa milimita imodzi kapena iwiri, pakati pa maginito ndi mtima wa koyilo.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Mukumvera maphunziro a sayansi ndi luso la manja. Tamva za chitsulo. Nanga waya, bambo aphunzitsi, tisankhe wotani?

APHUNZITSI: Waya aliyense akaniza magetsi pang'ono, ndipo chimene akaniza chisanduka kutentha. Pa zitsulo zonse siliva ndiye akaniza pang'ono koposa, koma aposa mkuwa ndi kachigawo kochepa kwambiri kosayenera mtengo wake, ndipo chifukwa chake mkuwa, umene abale athu a ku Zambia akumba ku Kitwe, ku Chingola ndi ku Mufulira, ndiwo mfumu ya mawaya. Waya wa mkuwa wonenepa milimita imodzi akaniza ndi maohm opitirira 2 pang'ono pa mamita 100 aliwonse. Aluminiyamu wonenepa chimodzimodzi alola magawo 61 okha pa 100 a zimene mkuwa ulola. Ndi wopepuka, ndi wotsika mtengo, koma adya malo ambiri pa koyilo, athyoka mukamupindapinda, ndipo akana kumatidwa ndi mtovu. Waya wachitsulo wa mpanda kapena wotcherera misampha akaniza kasanu ndi kamodzi kapena kuposerapo, ndipo sayenera konse kuzengera koyilo.

Pogula waya pamsika chenjerani, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Masiku ano kuli waya wa aluminiyamu wokutidwa ndi kachikopa ka mkuwa, wofiira bwino m'maso, amene apezekanso m'mamota ndi m'mathiransifoma otsika mtengo. Mupale nsonga yake ndi mpeni: akaonetsa kuyera m'kati, si mkuwa weniweni. Ndiponso pomunyamula apepuka, popeza aluminiyamu salemera ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo atatu a mkuwa.

Chovala cha waya nachonso n'chachikulu. Joseph Henry wa ku Albany, ku America, atakuta waya wake ndi ulusi kotero kuti anatha kuzenga mizere yambiri yosanjikizana, anapanga m'chaka cha 1831 maginito a magetsi amene ananyamula katundu woposa makilogalamu 900; chinsinsi chake chinali kupanikiza mkuwa wambiri m'malo ochepa popanda mikombero kukhudzana. Waya wa m'nyumba wokutidwa ndi pulasitiki alephera pomwepa, pakuti chovala chake n'chochindikala, chidya malo a mkuwa, ndipo chifewa kutentha kukapitirira madigiri 70. Woyenera ndi waya wopakidwa vanishi, amene amisiri ozenga mamota agwiritsa ntchito, amene apirira madigiri 130 ngakhale kuposerapo. Ambiri amayesa kuti waya ameneyu ndi wamaliseche, nalumikiza nsonga zake osazipala, n'kudabwa kuti magetsi satuluka. Palani nsonga zokha ndi sandipepa kufikira mkuwa utawala. Mukamasula waya m'mota yakale, musatenge wa mota yopsa, amene ada ndi kununkha utsi, ndipo musamukoke pa ngodya ya chitsulo. Pakuti vanishi ikang'ambika, mikombero iwiri nikhudzana, pamenepo pabadwa kanjira kachidule kamene magetsi azungulira mwaukali, koyilo nitentha, makina nalemera, mavolti natsika, ndipo bala laling'ono losaoneka ndi maso liwononga ntchito ya sabata yathunthu.

Tsono funso limene livuta ambiri ndi ili: waya wowonda kapena wonenepa? Tcherani khutu, pakuti apa pagona nkhani. Tinene kuti muli ndi malo ozengapo a ukulu wakutiwakuti, ndipo mwawadzaza ndi waya wa milimita imodzi, nalowa mikombero 100. Mukamasula ndi kudzaza malo omwewo ndi waya wa theka la milimita, ilowa mikombero pafupifupi 400, ndipo mavolti achuluka kanayi. Musafulumire kukondwera, pakuti waya wowondayo akaniza kanayi pa mita iliyonse, ndiponso watalika kanayi, kotero kuti kukaniza kwa koyilo yonse kwakula ka 16. Mwapindula mavolti, mwataya maampeya, ndipo mphamvu yonse, imene tiyeza m'mawati, yakhala monga inaliri. Kunenepa kwa waya sikuchulukitsa mphamvu ya jenereta. Kungosankha mavolti amene mphamvuyo itulukire. Chochulukitsa mphamvu ndi kulemera kwa mkuwa wonse, ukali wa maginito ndi liwiro.

Chifukwa chake yambani ndi kufunsa chimene mufuna kudyetsa. Batire la mavolti 12 lifuna mavolti pafupifupi 14 kuti lidzaze, ndipo popeza jenereta itulutsa magetsi a AC pamene batire lilandira a DC, pafunika madayodi owongola magetsiwo, amene nawonso adya volti imodzi ndi theka kapena kucheperapo pang'ono. Zengani koyilo imodzi yoyesera, muipukuse pa liwiro limene mphepo kapena mtsinje wakwanu upereka masiku onse, muyeze mavolti ake, ndipo muwerengere mikombero imene ifunika kuti makoyilo onse pamodzi afike pa mlingo umenewo. Mukatero musankhe waya wonenepa koposa amene angalole mikombero imeneyo kulowa m'malo amene muli nawo.

WOULUTSA: Nanga omvera athu angayese bwanji zimenezi okha kunyumba kapena kusukulu?

APHUNZITSI: Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo lamulo la woyesa aliyense ndi kusintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi. Zengani mikombero 200 ya waya wa theka la milimita pa kapaipi ka pulasitiki. Gadabuzani njinga, mumange maginito molimba pa tayala lakumbuyo, ndipo mukhomere koyiloyo pa thabwa kuti mpata wake ndi maginito usasinthe. Mnzanu apukuse pedulo mowerenga, kamodzi pa sekondi iliyonse, inu mukuyang'ana choyezera magetsi, chimene amisiri achitcha multimeter, chitaikidwa pa mavolti a AC. Yesani koyamba kapaipi kali kopanda kanthu, kachiwiri muli bawuti, kachitatu muli kamtolo ka waya wofewetsedwa uja, kachinayi muli timapepala ta thiransifoma, ndipo lembani zonse m'kope: mavolti opanda katundu, mavolti babu litalumikizidwa, kulemera kwa pedulo, ndi kutentha kwa mtima wa koyilo mutapukusa mphindi zingapo. Bwerezani pa liwiro lowirikiza. Mavolti opanda katundu asakunyengeni, pakuti koyilo ya waya wowonda ionetsa chiwerengero chachikulu, koma mukailumikiza ku babu igwa pomwepo. Mukatha za mtima, sungani umene wapambana, ndipo muyambe kusintha waya. Mudzaona nokha kuti kwa womanga pa mtsinje, kumene madzi akankha kosalekeza, chitsulo ndi bwenzi; koma womanga pa phiri la mphepo yofatsa ayenera kuganiza kawiri.

Ndisanatsirize ndipereke chenjezo, pakuti moyo uposa kuwala kwa babu. Jenereta yanu musailumikize konse ku mawaya a ESCOM, amene anyamula mavolti 230, popeza mungaphe wogwira ntchito pa mzati kapena kutentha nyumba yanu. Musagule mkuwa kwa munthu wosanena kumene wauchotsa, pakuti wophwasula thiransifoma ya mudzi agoneka chipatala, chigayo ndi sukulu mu mdima, ndipo wogula ali ndi gawo pa mlanduwo. Ma TV akale ndi ma microwave asunga magetsi akupha ngakhale atazimitsidwa, ndipo mwana asawatsegule popanda mmisiri. Maginito a neodymium atswanya zala, afooka akatentha kupitirira madigiri 80, ndipo mwana wamng'ono akawameza athamangitsidwe kuchipatala. Batire likhale pamalo opita mphepo, kutali ndi moto, ndipo pakhale fyuzi. Kamkwamba yemwe, poopa kutentha nyumba yofolera ndi udzu, anadzipangira chodulira magetsi cha misomali, waya ndi maginito.

Kwa inu aphunzitsi a m'sukulu zathu ndi inu makolo, pempho langa ndi ili: mwana akabwera ndi mota yakufa ndi mtolo wa waya, musamuthamangitse ngati wotola zinyalala, koma mumupatse kope ndi pensulo, mumuperekeze kwa mmisiri wozenga mamota wa pamsika wakwanu kuti akaone manja ozolowera akugwira ntchito, pakuti safunsa anadya phula. Mwana amene wayeza yekha mitima inayi ya koyilo ndi mitundu iwiri ya waya, nalemba zimene waona, sadzanamizidwa ndi wogulitsa, ndipo makina ake akafa adzadziwa poyambira kufufuza.

WOULUTSA: Omvera, konzani njinga, maginito, waya ndi kope lanu, muyese monga mwamvera, ndipo musunge ziwerengero zanu, pakuti sabata yamawa nthawi ngati yomweyino tidzazigwiritsa ntchito pokamba za kulumikiza makoyilo ndi kudzaza batire.

(NYIMBO YOTSEKERA)